Proggy, clippy, clootie: dzina lenileni ndi liti?

Kusukulu anatiphunzitsa ngati kuti Chingelezi ndi chimodzi, ndipo eni ake onse amamvana. Nanga bwanji eni akewo sagwirizana dzina la chopondera cha nsanza? Ku Durham ndi ku Northumberland, kumpoto chakum'mawa kwa England, amati proggy mat, ena clippy mat. Madera ena amati proddy, enanso peg rug. Mukalowa mu Scotland mumva clootie. Chinthu chake ndi chimodzimodzi. Inu alipo anakuuzanipo kuti munthu wa ku London atha kungoti kakasi, osamva zomwe mnzake wa ku Newcastle akunena?

Kapangidwe kake sikovuta. Kale mabanja ankatenga chiguduli chomwe munali shuga kapena mbatata, n'kuchichapa, n'kuchikunga pa felemu yamatabwa. Zovala zotheratu, kaya jekete ya bambo kaya siketi ya mayi, ankazidula tizidutswa totalika ngati chala. Kenako ankabowola chigudulicho ndi kamtengo kosongoka kotchedwa progger, komwe nthawi zambiri kanali theka la pegi yoyanikira zovala, n'kumalowetsa kansanza kamodzikamodzi mpaka chonse chitadzaza. Kudula nsanza inali ntchito ya ana, madzulo akuotha moto. Apa ndiye mutu wanga waima. Ambiri mwa mabanjawa anali a anthu okumba malasha, malasha omwe ankayendetsa sitima ndi mafakitale a dziko lolemera kwambiri masiku amenewo. Zinatheka bwanji kuti kapeti ya m'sitolo iwakanike kugula? Ndalama za malashawo zinkapita kwa yani?

Chopondera chatsopano ankakonda kuchiyala patsogolo pa moto nthawi ya Khirisimasi. Chakale chinkasamukira kukhitchini, kenako kukhomo lakuseri, n'kukathera pogona galu. N'chifukwa chake zakale kwambiri zatsala zochepa. Tsono ngati pafupifupi zonse zinathera pansi pa nsapato, akatswiri amadziwira pati chomwe chinayamba ndi chomwe chinatsatira?

Pa nkhani ya mayina ija, sikuti akatswiri sanayese. Joseph Wright, yemwe ali mwana ankagwira ntchito m'fakitale ya ubweya ku Yorkshire asanadzakhale pulofesa ku Oxford, anasonkhanitsa mawu a m'madera m'mabuku 6 omwe anatuluka kuyambira 1898 mpaka 1905. Pambuyo pake, pakati pa 1950 ndi 1961, gulu la ku yunivesite ya Leeds motsogozedwa ndi Harold Orton linayendera malo 313 kufunsa anthu momwe amatchulira zinthu. Ntchito yaikulu, ndipo ndikuilemekeza. Koma omwe ankawafunsa ambiri anali abambo achikulire a m'midzi ya alimi. Chifukwa chiyani abambo? Amene ankasunga thumba la nsanza chaka chonse, n'kumasankha kuti zakuda zikhale m'mphepete, zofiira pakati, sanali mayi? Iye analibe mawu ake? Nanga a m'midzi ya kumigodi ndi m'matauni, chilankhulo chawo chinali chosayenera kulembedwa? Ndipo amene amagamula kuti liwu ili ndi Chingelezi chenicheni, ilo ndi lakumudzi chabe, amakhala ndani? Anamusankha ndani?

Migodi yakuya yomaliza ya malasha m'dera la Durham inatsekedwa mu 1993. Lero wofuna kuona proggy mat pamalo pake amalipira pakhomo la Beamish, malo osungirako zinthu zakale ku County Durham komweko, n'kukalowa m'tinyumba ta okumba malasha tomwe anatimanganso. Ena amalipiranso kuti aphunzitsidwe kulowetsa nsanza m'chiguduli. Chomwe agogo ankapanga chifukwa chosowa, mdzukulu akuchipanga ngati luso. Zimenezi zimandisangalatsa, pakuti ntchito ya manja ya amayi aja inayenera ulemu kalekale. Koma bwanji ulemuwo unadikira kuti eni ake ambiri atsikire kaye kuli chete?

Nanga zovala zakale za ku Britain masiku ano zimathera kuti? Zambiri amazimanga m'mabelo n'kuzitumiza kunja, ndipo zina ndi zomwe timasankha pa kaunjika ku Limbe kapena ku Lilongwe. Jekete ya mtundu womwe kale banja linkaivala mpaka kung'ambika, kenako n'kuiponda zaka zingapo, lero ikutayidwa ikadali yabwinobwino. Kodi anthu analemera, kapena zovala ndizo zinatsika mtengo? Ndipo ngati zinatsika, amene amazisoka akulandira zingati?