Njira yonenepera mpaka BP ikupezeni kuno ku Phalombe

Kunenepa kopyola muyeso kuno ku Phalombe si chinthu chapafupi. Minda ili kutali, madzi ali kumjigo, kumsika wa ku Migowi kapena ku Chiringa anthu amapalasa njinga, ndipo thupi limagwira ntchito lifune lisafune. Choncho amene watsimikiza mtima kuti lamba asiye kumukwana ayenera kulimbana ndi zonsezi mwakhama, ndipo poyambira pake ndi miyendo.

Tsiku lomwe mwalandira malipiro oyamba, kapena nandolo wagulidwa pamtengo wabwino, pachikani njinga yakapalasa ija. Ulendo uliwonse, ngakhale wokagula machesi pagolosale, imitsani kabaza wa njinga yamoto. Kumunda lembani aganyu, inu muzikangoima pamthunzi n'kumaloza mizere. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, zomwe mayi wothirira kudimba amakhala atakwanitsa pofika Lachiwiri. Inu musayandikireko. Anyamata akamamenya mpira pabwalo la sukulu madzulo, khalani pabawo. Tchopa akamavinidwa, ombani m'manja muli chikhalire.

Ntchito yaikulu ili pa mbale. Mgaiwa usalowenso m'nyumba mwanu. Chimanga chikonoledwe, mphale iviikidwe, madeya onse apite ku nkhumba, chifukwa m'madeyamo ndi momwe muli zija zimasunga munthu wokhuta nthawi yaitali ndi kuletsa shuga kukwera mwamsanga m'magazi. Nsima yoyera mbee, mitanda isanu, usiku, kenako kukagona pomwepo. Nandolo, amene amalonda amamufuna mpaka kumutumiza ku India, gulitsani yense osasiyako ngakhale ndowa imodzi yodya pakhomo. Chisoso, bonongwe, kholowa, chigwada ndi nkhwani wotendera muzizitcha ndiwo za osauka, ana amve muli kunena. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Inu sankhanipo awiri, chokhutitsa ndi mafuta. Matemba a ku Chilwa akabwera, asambe m'mafuta mpaka asaoneke.

Masana pitani pachiwaya. Yang'anani pakati pomwe pali dziwe la mafuta akuda aja, amene akhala akuwira chiyambire dzulo, ndipo muuze mnyamatayo kuti, "Aise, tavuula za pansizo, uponyepo ndi kanyenya." Kabichi wodula uja amene amaika pambali mukankhireni uko. Tsinani mchere wosakaniza ndi tsabola, muwaze kawiri. Mchere woyenera munthu pa tsiku lonse ndi wosapitirira magalamu 5, kasipuni kamodzi ka tiyi, ndipo mukatero mwadutsa kale ndiwo zamadzulo zisanaphikidwe. Tsitsirani ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, momwe muli shuga wokwana timasipuni 7 kapena 8. Madzi akumwa asiyireni ana. Tiyi wam'mawa akhale wa masipuni anayi ndi mandasi, mbatata yophika ikhale ya alendo ochokera kumudzi. Loweruka, Chibuku.

Pakatha miyezi ingapo anthu ayamba kukuthandizani. "Koma ndiye thupi labweratu, achimwene, zikuyenda!" Apongozi adzati mwana wawo akukusamalani bwino. Gwirani mawu amenewa, ndipo kumbukirani mantha omwe tonse tinakula nawo: chiyambire zaka zija Edzi inkatha anthu mankhwala otalikitsa moyo asanafike, munthu akaonda pang'ono m'mudzi mumayamba manong'onong'o. Mantha amenewa ndi amphamvu kuposa uphungu wa namwino aliyense, ndipo aletsa anthu ambiri kutsitsa thupi ngakhale mawondo akulira. Chiwuno chikaposa theka la kutalika kwanu, dziwani kuti mwafika pomwe matenda amayambira, ndipo pitani kwa telala akakulitse buluku.

Tsiku lina mtima ungakutsutseni. Likatero, musasinthe pang'onopang'ono, poti njira imeneyo ndi yomwe imagwira. Dzukani m'mamawa muthamange chokwera phiri la Michesi mpaka mupume wefuwefu, mugone masiku atatu ndi ululu, musadzayambirenso. Kapena khalani ndi njala tsiku lonse kuti usiku mudye za anthu atatu. Tiyi wochepetsa mimba amene amagulitsa m'mabasi nayenso ndi wabwino pa cholinga ichi: amatsegula m'mimba, amachotsa madzi, mafuta ali pomwepo.

Kuyezetsa ndiye kupeweni ndithu. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Khalani m'gulu limenelo. Ku Holy Family kapena kuchipatala cha boma ku Migowi, kuyeza BP ndi kamphindi chabe, lamba pamkono basi, choncho mukaperekeza wodwala dikirani panja. Mukayamba kumva ludzu losatha, kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, maso kuchita chimbuuzi, kapena bala la kuphazi kukana kupola, musaganize za matenda a shuga. Ganizani za achibale a nsanje amene sakondwa ndi njinga yamoto ija.

Achipatala akakugwirani n'kukupatsani mapiritsi a BP, imwani sabata ziwiri, mutu ukasiya kuwawa muwaponye pawindo. BP yosiyidwa chonchi imakwera osachenjeza, ndipo imakatulukira ku mtima, ku sitiroko yofoola dzanja ndi mwendo, kapena ku impso. Impso zikafa, makina osefa magazi apafupi ali ku Queens ku Blantyre, ndipo wodwala amafunika kukagonapo kangapo sabata iliyonse, ndi womudikirira, kuchokera kuno.