Wodula m'nyumba muno wapezeka

Masiphumelele, Cape Town

Okondedwa Malume,

Ndayamba ndagwada, ngakhale kuti m'chipinda muno kuti bondo lifike pansi ndimayamba ndatulutsa ndowa panja. Mwadzuka bwanji ku Bawi kumeneko? Ife kuno tilipo, kupatula chifuwa cha Chisomo chimene chimabwera ndi mvula ya mu June. Eya Malume, kuno mvula imagwa nyengo yozizira, inu mukuothera dzuwa ndi kutong'ola chimanga pakhonde. Dziko lake ndi lotembenuka choncho, ndiye musadabwe ndi zimene muwerengezi.

Ndabwera ndi nkhani ya msamuko. Inu ndinu mwinimbumba, komanso Joni mumamudziwa, paja munabwera pa Theba a Kamuzu asanatseke njira mu 1974. Koma Joni wanu uja anali wina. Inu mumagona mu komponi osalipira lendi, chakudya chochita kukugawirani, pobwerera n'kutenga njinga, wailesi ndi bulangete lija mpaka lero simulola munthu kulikhudza. Joni wanga ali kumapeto kwa dziko, makilomita 1,400 kuchokera ku Johannesburg weniweniyo. Ukangopitirira pang'ono wagwera m'nyanja, ndipo mitengo ya zinthu inagweramo kale.

Nyumba imene timakhala amaitcha mkuku. Ndi malata pamwamba, malata m'mbali, kuseri kwa nyumba ya mwini malo. Kwathu mukanasungiramo mbuzi, mbuzizo n'kudandaula kwa amfumu. Pamwezi ndimapereka R1,800, magetsi apadera, ochita kukoka ndi chingwe kuchokera pawindo la mwini nyumba. Akakangana ndi mkazi wake amazula pulagi, ife n'kugona mumdima pa mlandu wa eni. Ikayamba mphepo ya kuno denga limayimba usiku wonse, ndipo moto ukabuka pa mkuku umodzi, mzere wonse umathawa ndi mapasipoti m'manja.

Za ndiwo ndisanene zambiri, mungalire. Nkhwani imene kwathu timangobudula podutsa kudimba, kuno amamanga timasamba tisanu ngati maluwa a ukwati. Usipa umabwera ndi matransipota, ndipo ukafika umakhala utakwera mtengo pa chipata chilichonse chimene wadutsa. Timadya chowerenga. Tsiku lina Chisomo anagwetsa kamodzi pansi, banja lonse tinayatsa tochi.

Lamulo la kuno linati kuyambira March 2025 wantchito asalandire zochepera R28.79 pa ola. Mukaisintha kukhala makwacha imamveka ngati malipiro a nduna, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Chiyambire mwezi umenewo foni yanga siipuma, ngakhale anthu amene tinangokumana pamaliro akundiyitana kuti achimwene. Koma randi imanenepa ikawoloka malire basi. Kuno ndi yowonda, imalowa Lachisanu madzulo, Lolemba n'kukhala itatsanzika kale.

Ndiye mwezi wathawu ndinaitanitsa msonkhano wa banja. Ndinakhala pa bedi, poti mpando tilibe, n'kunena mwaulemu wake wa bambo kuti tisamuke. Ndinayamba ndi Diepsloot, ku Johannesburg, kumene mnzanga wina akuti lendi ndi yofewerapo. Make Chisomo anangofunsa kuti, “Nanga mnzanuyo bwanji sabata yatha amakupemphani ya basi yobwerera kuno?” Ndinatchula za kumafamu a mphesa ku De Doorns. Anati mphesa zili ndi nyengo, koma mimba ya mwana ilibe nyengo. Apo ndinatulutsa mfundo imene ndinaisunga pansi pa mtima: iye ndi ana atsogole kumudzi, kumene nkhuni n'zaulere ndipo sukulu ya pulayimale salipira, ine nditsale ndizitumiza.

Malume, mkazi akakhala chete n'kuyamba kufunafuna cholembera, thawani. Anasolola kope pansi pa matiresi. Ine ndimayesa ndi la nyimbo za kwaya, osadziwa kuti ndi buku la chiweruzo. Muli zonse kuyambira chaka chatha, tsiku ndi tsiku, mpaka machesi.

Anayamba ndi zolowa. Iye amagwira ntchito ya m'nyumba ku Fish Hoek masiku asanu pa sabata, mvula igwe isagwe, chifukwa mbale za azungu sizidziwa nyengo. Ine ndimasamalira maluwa ku Noordhoek masiku atatu, ndipo kukachita mvula bwana amatumiza uthenga woti ndipume, ngati ndinamuuza kuti ndatopa. Mu July ndinagwira masiku asanu ndi awiri okha. Ndinati kopelo lalakwitsa. Anandionetsa masiku ake, ndi zimene ndinkachita tsiku lililonse limene ndinakhala pakhomo. Pena analemba kuti “bawo”, pena “mpira”, pena “bawo ndi mpira”.

Kenako zotuluka. Ufa wa makilogalamu khumi umatha masiku khumi ndi awiri, koma pamene ndinapita kukagona ku ntchito bwana ali ku tchuthi, thumba lomwelo linakwana milungu itatu. Anajambula mzere pansi pake kawiri. Panalinso mayunitsi a foni, ndalama za mpira zimene ndimati ndikubetcha kuti banja litukuke, ndi tsamba lathunthu la mutu woti “Abale a bambo”. Dzina lanu lilipo, Malume, koma musadandaule, muli pa nambala 6.

Atawonkhetsa anatseka kope n'kunena mofatsa kuti, “Bambo a Chisomo, mfundo yanu ndi yabwino. Wina apitedi kumudzi. Koma wodula m'nyumba muno si ine, si ana.”

Ndinayang'ana ana kuti andithandize. Chisomo, amene Chixhosa chimatuluka m'kamwa ngati anabadwira ku Mthatha, anafunsa ngati kumudzi kuli intaneti. Wamng'onoyo anafunsa ngati ndikachoka azigona malo anga.

Chimene chikundisowetsa tulo tsopano ndi chithunzi chija. Mukuchikumbukira, ndili chiimire pambali pa galimoto yoyera, dzanja limodzi pa chitseko? Dzanja linalo linali kumbuyo chifukwa linagwira paipi yothirira maluwa. Ndinali nditangomaliza kuitsuka. Chithunzicho ndinatumizira mlongo wanga yekha, koma ndamva kuti chinafika mpaka ku Tsangano. Ndiye munthu wa galimoto yoyera atsike basi pa Bawi ndi chikwama cha mizeremizere, atakhala masiku panjira, Park Station, Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete, Zobue mpaka Mwanza, miyendo itatupa ngati zipika, anthu adzati chiyani? Adzati galimoto ikubwera pambuyo. Adzaidikira. Ine ndikuwadziwa anthu akwathu, adzaidikira mpaka pa maliro anga.

Komanso kumudziko sindikukhulupirira kuti n'kotchipa monga ndinanenera pa msonkhano paja. Nkhuni n'zaulere, inde, koma feteleza si waulere, ndipo munthu wochokera ku Joni salembedwa pa makuponi, amati ali nazo kale. Pa maliro aliwonse bokosi lidzakhala langa. Kuno ndikathawa foni ndimati netiweki inavuta. Kumeneko netiweki yake imabwera wapansi, n'kukhala pakhonde mpaka nsima ipse.

Pempho langa ndi ili. Mupite mwakachetechete mukaone nyumba imene ndakhala ndikutumizira ndalama kuyambira 2021. Achimwene amanditumizira chithunzi chaka chilichonse, khoma lili pa windo, ndipo pa zithunzi zonsezo pali tambala mmodzimodzi yemweyo, ataima malo omwewo, mwendo umodzi m'mwamba. Mukaone ngati khomalo lakwera, ndipo ngati tambalayo akadali moyo mundiuze chimene amadya.

Mukapeza kuti denga lilipo, ndibwera ikatha Khirisimasi, poti nyengo imeneyo maluwa a azungu amafuna madzi ndipo kope limandikomera pang'ono. Anthu mudzawauze kuti ndabwera kudzayendera mapulojekiti. Make Chisomo walonjeza kuti azidzanditumizira kangachepe mwezi ndi mwezi, koma akuti ndizidzalemba m'kope mmene ndagwiritsira ntchito, ndipo wagula kale lina.

Mupereke moni kwa onse, koma kalatayi musawerengere pagulu. Njinga yanu ya pa Theba ija ikadayendabe?

Ine mphwanu,
Bambo a Chisomo