Ulemu kwa a Fani, Bwana Wogona Pantchito

Ena amatamanda injini, ena matayala, koma lero tikuvulira chipewa inu a Fani, okhala kuseri kwa radiyeta, ogwira ntchito mukafuna.

Nzeru zanu n'zakuya. Sienta ikamathamanga pa M1 kuchokera ku Lilongwe, mphepo imaziziritsa yokha radiyeta, inu muli mtulo, palibe akudziwa. Mumadikira ikhotere njira ya ku Kabwazi, itasenza anthu ndi matumba a feteleza, ikukwawa pa giya yoyamba. Pomwe mukufunika kwambiripo m'pomwe mumakana. Kamuvi ka kutentha kakwera, nthunzi tolo pa boneti, apaulendo atsika kukawongola miyendo. Ndani winanso amaganizira misana ya anthu chotere?

Ndinu mphunzitsi wa mayeso osabereka. Makaniko weniweni amadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayamba ndi fyuzi, kuiunika padzuwa ngati kawaya kake kaduka. Ikakhala bwino amazula rileyi n'kuikapo ina yofanana nayo, khutu lili tcheru kumvera ngati ilire kuti "tiki". Kenako sensa ya kutentha, kenako waya wa ethi amene matope a dzinja ndi dzimbiri zimadya pang'onopang'ono. Pomaliza amakulumikizani ku batire: mavoti 12 akalephera kukudzutsani, ndiye kuti mota yanu yapita, mwina mabulashi atha. Koma makaniko wongoyerekeza amangokugogodani ndi sipanala, inu mwachifundo n'kuzungulira mpaka iye atapinda ndalama yake m'thumba n'kukhota pakona.

Chuma mumagawanso mosakondera. Mukangonyanyala, mnyamata wotunga madzi pamjigo wapeza ganyu, wachipisi wagulitsa mbale zingapo, wakabaza wanyamula amayi amene atopa n'kudikira. Ndi nduna iti inatukulapo mudzi mwachangu chomwechi?

Okuderererani mumawalanga mwa njira zosiyanasiyana. Wina fyuzi ikapsa amangopiringiza kawaya m'malo mwake, mawaya onse n'kuyamba kununkha. Wina amakumangirirani ku batire dailekiti kuti musapumenso. Inu mumamvera, mumazungulira usiku wonse, ndipo m'mawa wa mu Juni, chisanu cha ku Dedza chikuluma zala, batire yafa, anthu akukankha. Wina amafulumira kutsegula chitsekerero cha radiyeta madzi akuwira, n'kuphunzira ndi khungu lake. Ndiye pali dalaivala wa "tikaona tikafika", amene amapondabe moto mpaka gasiketi itapsa: mlandu wotha ndi fyuzi umakathera kugulitsa mbuzi.

Pitirizani kulamulira, a Fani, sitingakuletseni. Pempho lathu n'limodzi: mukafuna kugonanso, sankhani pafupi ndi mjigo, dzuwa lisanalowe, ndipo makaniko amene abwereyo akhale wa testa, osati wa sipanala.