Dziko Loponya Akuluakulu pa Zenera

Dziko la Czech ndinayamba kuliponda ndili mu Sitandade 1, ndipo ndinaliponda mpaka chidendene kuperepeseka. Nsapato za Bata zija, mwini wake Tomáš Baťa anayambitsa kampaniyo mu 1894 m'tauni ya Zlín, m'dziko lomweli. Choncho mphwanga amene akuphunzira ku Prague atanditumizira tikiti, ndinauza mayi a kunyumba kuti asade nkhawa, ndikupita kwa anthu odziwana nawo kale.

Dzikoli lili pakatikati pa Ulaya, lopanikizidwa ndi Germany, Poland, Slovakia ndi Austria. Ndalama yawo ndi koruna. Mpukutu umene ndinanyamuka nawo kuno, nditausintha, unalowa m'kathumba ka shati osatupa n'komwe.

Tinayambira pa Old Town Square, pomwe pali wotchi imene inapachikidwa mu 1410 ndipo ikuyendabe. Ola likakwana, chidole cha mafupa okhaokha chimakoka chingwe cha belu, timazenera tiwiri timatseguka, atumwi khumi ndi awiri n'kumadutsa akusuzumira, tambala n'kulira, zatha. Khamu lonse linali litakweza mafoni m'mwamba. Ine ndinali kalikiliki kusaka magalasi m'thumba la jekete, ndipo pomwe ndimawavala n'kuti tambala akulira.

"Malume, musadandaule, abweranso ola linalo," anatero mphwanga.

Atumwi a ku Prague amasunga nthawi kuposa ine, munthu wamoyo wokhala ndi wotchi pamkono.

Kenako tinakawoloka mtsinje wa Vltava pa Charles Bridge, mlatho umene Mfumu Charles IV anayamba kumanga mu 1357. M'mbali mwake mwandandalikidwa ziboliboli 30. Chimene anthu amachiunjirira kwambiri ndi cha wansembe John wa ku Nepomuk, amene mfumu ina inalamula kuti aponyedwe mumtsinjewu mu 1393. Akuti anakana kuulula zimene mkazi wa mfumuyo analapa. Alendo amasisita chitsulo cha pansi pa chibolibolicho pofuna mwayi, moti chimawala ngee. Ine ndinasisita ndi manja onse awiri, chifukwa mavuto anga si a dzanja limodzi.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti anthu awa akakwiya, amaponya munthu. Mu 1419, otsatira a mlaliki Jan Hus, amene anawotchedwa mu 1415, anaponya makhansala a mzinda pa zenera. Mu 1618 anabwerezanso: akuluakulu a Chiprotestanti analowa mu Prague Castle, n'kunyamula nduna ziwiri za mfumu ya Chikatolika, pa zenera psiti! Atacheuka anaona mlembi wa ndunazo ali njenjenje, nayenso anamutsatiza. Onse atatu anagwa mamita pafupifupi 20 koma sanafe. Akatolika anati angelo anawawakha. Aprotestanti anati ayi, anagwera pa mulu wa ndowe. Nkhondo imene inayambira pamenepo inatha zaka 30.

Za ndunazo ndilibe nazo ntchito, akuluakulu amadziwana okha. Mtima wanga unali pa mlembi. Abale anga, ine ndine mlembi wa banki mkhonde ya m'dera lathu, ndipo buku langa silinagwirizanepo ndi ndalama za m'bokosi. Titafika ku Prague Castle, ndinasuzumira pansi pa zenera lija miyendo n'kuyamba kuwombana. Mphwanga anandilimbitsa mtima kuti mlembi ujatu pambuyo pake mfumu inamupatsa ulemu waukulu chifukwa cha kugwako. Ndinamuuza kuti ulemu wotero andisungire, sindikuufuna msanga.

Chosangalatsa n'chakuti mkwiyo wawo unapita nuzizira. Achikomyunizimu anatenga boma mu 1948, ndipo mu 1968 akasinja a Soviet Union analowa mu Prague kudzatseka pakamwa ofuna kusintha zinthu. Koma mu November 1989 anthu anadzaza Wenceslas Square, aliyense atakweza makiyi ake akuwaliza, kuuza olamulira kuti nthawi yoweruka yakwana. Boma linagwadi, ndipo Václav Havel, wolemba zisudzo amene ankangolowalowa m'ndende, anakhala pulezidenti. Pa 1 January 1993 Czechoslovakia inagawika pawiri, Czech uku, Slovakia uko, popanda kulira mfuti. Anthu anagawana dziko lathunthu mwamtendere, pamene ine ndi alamu anga sitiyankhulana chifukwa cha mbuzi imodzi ya chuma chamasiye.

Ku Kutná Hora, mphwanga anandilowetsa m'katchalitchi ka Sedlec, kokongoletsedwa ndi mafupa a anthu pafupifupi 40,000. Wosema mitengo wina, František Rint, ndiye anawasanja mu 1870. Zigaza zili ndandanda m'makoma, ndipo ngakhale choikapo makandulo cholendewera kudenga ndi cha mafupa. Ine munthu woti ndikamadutsa kumanda madzulo ndimaimba nyimbo ya kwaya mokweza, ndinalipira ndalama pakhomo kuti andiwopseze. Ndinavula chipewa n'kumapepesa chigaza chilichonse chimene ndakumana nacho maso.

Mantha anathera m'tambula. Mowa wa pilsner unayambira ku Plzeň mu 1842, ndipo pa kumwa mowa munthu mmodzimmodzi, a Czech ndiwo amatsogola padziko lonse. Amathira thovu lochindikala zala zitatu. Ndinati ndiimirire ndikafunse mowa wanga wotsalawo, mphwanga n'kundikoka jekete: "Khalani pansi malume, thovulo n'ladala."

Ndabwerako ndi nzeru, ndipo nkhani ya makiyi ndaifotokozera mamembala a banki kawiri konse, kuti aone mmene anthu ozindikira amachotsera atsogoleri. Ya zenera ija ndaisunga mumtima. Kugawana ndalama kuli mwezi wamawa, ndipo amayi ena ayamba kale kufunsa za buku. Ndapempha kuti msonkhanowo tidzachitire pansi pa mtengo wa mango, aliyense atakhala pamphasa.