Mpira wa ku Qatar, phokoso la ku Ndirande

Chikho chapita ku Argentina, koma mkangano watsala konkuno. Lolemba m'mamawa, pa 19 Disembala 2022, ndinakwera minibasi ku Ndirande kulowera ku Limbe, ndipo tinachita kufika pa Chichiri kondakitala asanatolere ndalama. Anali atatembenukira kumpando wakumbuyo, dzanja lili m'mwamba, kufotokozera mkulu wina wovala tayi kuti pakanapanda goloboyi, bwenzi Messi pano akulira ngati Ronaldo. Mkulu uja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kumufunsa kuti, "Mwana iwe, kodi goloboyiyo ndi wa timu ina? Mwendo umenewo si wa Argentina?" Ankanena mwendo wamanzere wa Emiliano Martínez, umene unatchinga mpira wa Kolo Muani masewero atangotsala pang'ono kutha, zigoli zili 3-3. Minibasi yonse inalowerera, mpaka mayi amene anali ndi dengu la nthochi pamiyendo. Dalaivala ndiye anachita kukumbutsa: "Aise, ndalamazo!"

Tauni yakhala chonchi kuyambira pa 20 Novembala. Aka kanali koyamba kuti chikho cha dziko lonse chiseweredwe kumapeto a chaka, chifukwa ku Qatar m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumatentha koti munthu sangathamange. Kwa ife kuno zinatanthauza kuti mpira unakumana ndi khasu. Mayi wina wogulitsa tomato mumsika ankasimbira anzake kuti bambo a kunyumba kwawo, amene chaka chilichonse amachita kuwakoka bulangete kuti apite kumunda, chaka chino amalawirira tambala woyamba kuti pofika 12 koloko akhale atasamba kale. "Bola mpirawu uzibwera dzinja lililonse," anatero, "chimanga chathu chatuluka msanga kuposa cha aneba."

Masewero a 12 koloko amenewo ndi amene anayambitsa misozi. Lachiwiri pa 22 Novembala, Argentina, imene inali itasewera masewero 36 osagonja, inagwa 2-1 m'manja mwa Saudi Arabia. Anyamata obetcha anayenda tsiku limenelo mitu ili pansi, timapepala tawo tili mbwee m'ngalande. Mnyamata wa pachiwaya, uja amakazinga tchipisi pafupi ndi siteji, ankalumbira kuti zigoli zitatu zija anazikana chifukwa cha ofusayidi zinali zabwinobwino, ndipo mafuta anatsala pang'ono kupserera iye akujambula mizere pansi ndi supuni. Amene anasangalala ndi bambo wina wa ku Chipata yemwe amasoka nsapato pakhonde la sitolo. Iye sanaone Aluya ayi, anaona mphunzitsi wawo wa malaya oyera, Hervé Renard, yemwe anapatsa Zambia chikho cha Africa mu 2012 ku Libreville. Tsiku lonse ankangouza aliyense wobweretsa nsapato kuti, "Ameneyo ndi wathu, tinamuphunzitsa ndife."

Likulu la mikangano yonseyi, kwathu kuno, ndi kwa wometa wina wa kuseri kwa msika. Kanyumba kake n'kamalata, kokwana anthu asanu ndi mmodzi, koma mwezi uno mumalowa makumi awiri. Wayilesi yakanema anayisanjika pakireti ya zakumwa, kireti pampando, ndipo pansi pake pali batire ya galimoto yodikirira magetsi akazima. Ana amene alibe kandalama kapakhomo amasuzumira pampata wa malata, wina atakwera pamsana pa mnzake, n'kumaulutsira anzawo otsala kumbuyo. Ndinamva mmodzi akuulutsa mokweza kuti, "Wautenga wadazi, wapatsira wamandevu!" Anzake anamvetsa bwinobwino.

M'kanyumba kameneka ndi mmene tinaonera Vincent Aboubakar akugoletsa chamutu Cameroon itakumana ndi Brazil, n'kuvula malaya, n'kupatsidwa khadi lofiira, iye n'kugwira woyimbira chanza akumwetulira. Inali nthawi yoyamba kuti timu ya mu Africa igonjetse Brazil pa chikho chimenechi, ngakhale Cameroon inatuluka usiku womwewo. Madala ena amene amakonda Brazil chiyambire masiku a Zico anati imeneyo inali Brazil ya ana, akuluakulu anawapumitsa. Palibe anawamvera. Madzulo a tsiku lomwelo Ghana inali itagonja 2-0 kwa Uruguay, André Ayew ataphonya penate, ndipo bala la 2010 linatukusika: dzanja la Suárez, mpira wa Asamoah Gyan womenya chitsulo. Koma South Korea itagonjetsa Portugal, kanema n'kuonetsa Suárez akulira pabenchi chifukwa nawonso atuluka, anthu anavina ngati Ghana yapambana. Wometa uja anati zaka 12 n'zambiri, koma ngongole siwola.

Senegal inatisiya mwakachetechete, 3-0 kwa England, ndipo aliyense anavomereza kuti popanda Sadio Mané zinali zovuta. Za Tunisia, imene inachinya France 1-0 n'kutulukabe, zinakambidwa tsiku limodzi basi.

Nkhani yeniyeni inali Morocco. Poyamba anthu ankayionera m'mbali. Itamenya Belgium 2-0 anati ndi mwayi. Itachotsa Spain pa mapenate, Achraf Hakimi, wobadwira ku Madrid komweko, atangoutsetsereza mpira pakati pa golo ngati akusewera ndi mwana, mawu anayamba kusintha. "Iwo aja" anasanduka "anyamata athu". Loweruka pa 10 Disembala, Youssef En-Nesyri atalumpha kupitirira manja a goloboyi wa Portugal n'kuumenya ndi mutu, wometa anataya makina n'kutulukira panja akukuwa. Kasitomala wake anamutsatira, nsalu ili m'khosi, mutu wometedwa mbali imodzi, ndipo anakumbatirana pamsewu. Anamalizitsa kumetako mawa lake, ataweruka kutchalitchi.

Si onse anagwirizana nazo. Mphunzitsi wina wopuma pantchito, munthu wowerenga nyuzipepala kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ankafunsa kuti Morocco yakhala liti m'bale wathu. Anakumbutsa kuti osewera 14 mwa 26 anabadwira kunja, ku France, Netherlands, Belgium, Spain ndi kwina. Wakabaza wina anamuyankha kuti, "Aphunzitsi, mwana wa mlongo wanga anabadwira ku Johannesburg, koma akabwera kumudzi amadya nsima ya kondowole ngati wina aliyense. Kubadwira kutali si kutaya mtundu." Wina anawonjeza kuti ngati tikuwerenga magazi, ndiye France nayonso ndi yathu, poti bambo a Mbappé kwawo ndi ku Cameroon. Apa zinasokonekera kwambiri, chifukwa pa 14 Disembala matimu awiriwa anakumana, ndipo ena sanadziwe kolowera.

Mkanganowu anauthetsa ndi amayi. Sofiane Boufal atavina ndi mayi ake pabwalo, mayi wovala mpango ngati mayi wina aliyense wa ku Mangochi, kavidiyo kake kanayenda pa WhatsApp m'magulu a kwaya ndi a banki m'khonde. Amayi amene sadziwa kusiyana kwa kona ndi penate anayamba kufunsa kuti ana aulemu aja akusewera liti. Mayi wa tomato uja ananena poyera kuti mwana wokumbukira mayi ake pamaso pa dziko lonse ndi wa kuno basi, kaya alankhule Chiarabu. Ine ndili kumbali yake. Matimu onse asanu a mu Africa anapita ku Qatar ndi makochi a kwawo, ndipo mmodzi wa iwo, Walid Regragui, amene anapatsidwa timu miyezi itatu yokha mpikisano usanayambe, anafikitsa Africa m'ndime ya matimu anayi koyamba m'mbiri. Zimenezo n'zofunika kuzinyadira popanda kufunsa chiphaso chobadwira.

Koma chimene chinakometsa nkhani ya Morocco kwa Mmalawi ndi masamu. Masamu ake ndinawamva koyamba kwa telala wina, tepi ili m'khosi, akuwerenga pa zala. Croatia inalephera kuchinya Morocco m'masewero oyamba. Belgium inalephera. Spain inalephera mphindi 120, ngakhale pa mapenate. Portugal inalephera, Ronaldo n'kutuluka akulira. Chigoli chokha chimene chinalowa asanakumane ndi France anadzichinya okha posewera ndi Canada. "Tsono ndikufunseni," anatero telala, "ndani anamuchinya Bono chaka chomwechino, ali kutali ngati kuchokera pano kukafika pa mjigo apo?" Anthu onse anayankhira pamodzi: "Gaba!"

N'zoona ndithu. Pa 25 Januwale 2022, ku Yaoundé, m'ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa, Gabadinho Mhango anaona Bono yemweyo, goloboyi wa Morocco Yassine Bounou, atasuntha pagolo, n'kuwomba mpira ali chapakati pa bwalo, mphindi ya 7 yokha. Amene anabweza chigolicho ndi En-Nesyri yemweyu, ndi mutu womwewu umene waliza Portugal. Amene anatimaliza pa mphindi ya 70 ndi Hakimi yemweyu, ndi mpira wa firikiki umene Charles Thomu, atatchinga yambirimbiri usiku umenewo, sakanaufikira. Tinagonja 2-1. Ambiri sitinaonere n'komwe, chifukwa namondwe Ana anali atangowononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo madera ambiri munali mdima. Tinamvera pa timawayilesi ta m'mafoni, mvula ikugogoda malata. Telala uja anamaliza masamu ake motere: Flames inachinya Morocco chimodzi, Spain ndi Portugal ziro, ndiye kuti ife tili pamwamba pa Spain ndi Portugal. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, iye osaseka.

Masamu amenewa ali ndi mabowo, aliyense akudziwa. Komabe muli kanthu. Pa mpikisano womwe uja tinachinya Zimbabwe 2-1, Gabadinho atamwetsa zonse ziwiri, ndipo tinalepherana 0-0 ndi Senegal imene inakatenga chikhocho. Mpaka lero mukatchula VAR pa Ndirande, sayamba ndi mpira wa Japan umene anthu akukanganabe ngati unatuluka kapena ayi posewera ndi Spain. Amayamba ndi penate yathu ya ku Bafoussam, imene woyimbira anaipereka n'kukaibweza atayang'ana pakanema. Achikulire amapitirira pamenepo, n'kukumbutsa za 2010 ku Angola, pamene anyamata a Kinnah Phiri anaswa Algeria 3-0, Algeria yomwe inali paulendo wa ku chikho cha dziko lonse chaka chomwecho.

Za Messi ndi Ronaldo sindichulutsa, poti mabanja ena sakulankhulana. Okonda England, omwe ndi ambiri chifukwa cha Arsenal, Manchester United, Liverpool ndi Chelsea, anangoti mpira wa penate wa Harry Kane uja sunaterebe mpaka pano. Atsikana a pa saluni yoyandikana ndi wometa anali ndi yawoyawo nkhani. Anasangalala kuona Stéphanie Frappart akuyimbira masewero a Germany ndi Costa Rica, mayi woyamba kutero pa chikho cha abambo, ndipo atamva kuti pagulu la oyimbira panalinso mayi wa ku Rwanda dzina lake Salima Mukansanga, anagamula kuti ameneyo kwawo kwenikweni ndi kunyanja. Mmodzi anaponya mawu kudutsa pamalata: "Achimwene, inu mukulimbana ndi Messi, ife Tabitha Chawinga akuchinya ku Inter Milan!" Kwa wometa kunangoti zii.

Lamulungu la fainolo, 5 koloko madzulo, msewu unali pululu. Argentina itatsogola 2-0, ena anayamba kutuluka kukagula makala. Mbappé anabweza ziwiri mkati mwa mphindi ziwiri, ndipo omwe anatuluka aja anabwerera akuthamanga, wina thumba la makala lili pamutu. Messi anachinya chachitatu, Mbappé n'kubwezanso. Pa mapenate, 4-2, kanyumba kanagwedezeka. Gogo wina amene anakhala pakona osalankhula masewero onse anangopukuta m'maso n'kunena kuti anaonera Maradona mu 1986 kunyumba kwa bwana wake, ataima pawindo, ndipo sankayembekeza kuti adzaonanso zotere ali moyo. Messi atavekedwa mkanjo wakuda uja asananyamule chikho, mayi wina anafunsa ngati akumulonga ufumu. Anamuyankha kuti eya, ndipo palibe anatsutsa.

Mawa lake madzulo ndinadutsa pa kabwalo kafumbi kuseri kwa sukulu, kamene tsopano ndi matope okhaokha. Ana anali pa mpira wachikulunga, wa majumbo omangidwa ndi luzi, magolo ake njerwa ziwiriziwiri. Anali atakangana chifukwa aliyense amafuna kukhala Hakimi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire changa ndinaona ana awiri akulimbirana kukhala pagolo, wina akuti ndi Bono, wina Martínez. Kamnyamata kena kopanda malaya kanawasiya akukangana, n'kuika mpira pakati, n'kubwerera m'mbuyo masitepe asanu. Kanafuula kuti, "Ine ndine Gaba!" Mpira unakagwera m'munda wa chimanga.

Chikho cha 2026 ndi cha matimu 48, ndipo Africa inapatsidwa malo 9 otsimikizika m'malo mwa asanu. Kwa wometa anayamba pomwepo kuwerenga mayiko pa zala kuti aone ngati ife tingakwane.  Inu amene mwatha mawu mwezi uno chifukwa cha Morocco ndi Argentina, imwani madzi otentha, mawuwo abwerere, tidzawafuna Flames ikadzalowa m'bwalo.