Woumira wa pa Mponela wasowetsa anthu mtendere

Pa Mponela nkhani siichedwa kukalamba. Ikabadwa m'mawa pasiteji ya ku Ntchisi, pofika masana imakhala itadya kale kanyenya kumsika, madzulo n'kukhala pabawo itamera ndevu. Koma ilipo ina imene yakana kufa, ya bambo uja ankayendetsa galimoto ya bungwe, amene tauni yonse inkamudziwa ndi mbiri imodzi yokha: kuumira. Dzina sititchula, poti ndi mnansi wathu ndipo timakumana naye kumaliro.

Ntchito yake inatha mu 2025, Donald Trump atangobwerera pampando mu Januwale n'kuimitsa thandizo lodzera ku USAID. Kuno zinatipweteka kuposa malo ambiri, chifukwa Mponela amadyera misonkhano. Tili pamsewu wa M1, ulendo wa ola limodzi kuchokera ku Lilongwe, kutali mokwanira kuti abwana alandire alawansi, pafupi mokwanira kuti akagone kwawo mwakachetechete. Misonkhano itachepa, wophika kuhotela, mlonda, wowotcha mbuzi, onse anaimva. Ndiye ntchito itangotha, mayi a kunyumba kwa bamboyu anadwala matenda aakulu. Anayamba kugonekedwa kuchipatala cha mishoni, komwe bedi limalipiridwa, kenako anawatumiza ku Kamuzu Central. Khadi la chipatala la kuntchito linali litapita pamodzi ndi makiyi a galimoto.

Anthu anakhala chire kudikira tsiku lomwe adzaone malata akutsika padenga, kapena wailesi yakanema ikupita kukapinyolitsidwa. Miyezi inadutsa, malata ali pomwepo, ana akupitabe kusukulu atavala nsapato. Apa ndi pomwe panayambira mlandu.

Anyamata a kabaza anagamula msanga: mkuluyo ndi wokhwima. Wina akulumbira kuti anaona kanthu kakafupi kakulowa m'nyumbamo usiku katasenza thumba. Titamufunsa kuti iye usikuwo ankachokera kuti, anayankha kuti imeneyo ndi nkhani ina.

Wometa wathu, amene amamvera wailesi tsiku lonse moti amadziyesa loya, akuti palibe chodabwitsa, ndi penshoni basi. Pa malamulo sananame. Wolemba ntchito amayenera kuika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, ndipo lamulo la 2023 linachepetsa nthawi yodikira kuti munthu amene ntchito yamuthera atapeko gawo lina, kuchoka pa miyezi isanu ndi umodzi kufika pa itatu. Koma mkulu wina amene anali pamzere, mmodzi mwa amene anachotsedwa ADMARC itatsekedwa mu 2022, anamudula pakamwa.

"Amwene, metani mutu bwinobwino, za penshoni zisiyeni. Miyezi itatuyo mudya lamulo? Matenda amadikira mafomu?"

Ankati apitirize, koma makina anali ali pafupi ndi khutu.

Amene akuoneka kuti akudziwa zenizeni ndi amayi a banki m'khonde, ndipo akuyankhula monyada ngati kuti wodwalayo anamuchiritsa ndi iwowo. Akuti bamboyo mumusiye, mwini nzeru ndi mkazi wake. Kwa zaka zambiri sanajombepo tsiku loponya masheya, ngakhale nthawi ya dzinja pamene anzake ankabwera ndi nkhani m'malo mwa ndalama. Pogawana mu Disembala, ena akuthamangira zitenje zofanana ndi mapoto, iye ankagula mbuzi n'kukazisiya kwa amayi ake kumapiri a ku Ntchisi, kumene mwamuna wake sakanazipeza ngakhale atafuna. Atadwala, gulu linamupatsa za m'thumba la zadzidzidzi, kandalama kamene aliyense amaponya pambali pa masheya ndipo kamaperekedwa popanda chiwongoladzanja. Sikochuluka, koma ndi kamene kanalipira galimoto ya usiku woyamba ndi ufa wa gadiyani. Amene anakhalapo kuchipatala chachikulu akudziwa kuti ngakhale dokotala wa boma salipiritsa, gadiyani amadya, nkhuni zimagulidwa, ndipo nthawi zina amakulembera kapepala kuti mankhwala ena ukagule wekha kufamase.

Mkangano wa amayiwa uli pena. Funso lavuta ndi lakuti dzidzidzi ndi chiyani. Malamulo a gulu amati matenda, maliro, nyumba kupsa. Koma chaka chatha mayi wina anatapa thumba lomwelo ati mwana wake watsikana wapeza banja modzidzimutsa.

"Asisi, chinkhoswe ndi ngozi?" anafunsa msungichuma.

"Mukanamuona mkamwiniyo simukanafunsa," anayankha mayiyo, ndipo mpaka lero sanabweze.

Bokosi lawo lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, wachinayi ndiye amasunga bokosilo. Anthu a CARE amene anayambitsa njirayi ku Niger mu 1991 anaganiza bwino za wakuba. Za mlamu wa tcheya, amene amakongola mwezi uno n'kusamukira ku Johannesburg mwezi wamawa, zikuoneka kuti sanaziganizire.

Pabawo nkhaniyi inagwera m'manja mwa agogo ena olima fodya, amene akhala akupita ndi mabelo ku Kanengo kuyambira nthawi ya Kamuzu. Iwowa ndalama yapepala sagwirizana nayo. Amawerenga pazala: Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. "Iwe unagona uli ndi ndalama ya matumba awiri a feteleza, podzuka uli ndi ya thumba limodzi ndi lumo. Wakuba sanathyole chitseko. Ukadandaula kwa mfumu iti?" Kwa iwo chuma chiyenera kukhala ndi miyendo inayi kapena chikhale m'thumba losokedwa: mbuzi, nkhumba, soya, mtedza.

Mnzawo wosewera naye sanawasiye. Anawakumbutsa za chaka chimene chigodola chinasesa khola lawo lonse la nkhumba, za anankafumbwe, ndi za mbuzi zija zinakwera njinga yamoto usiku osatsanzika. Anawonjeza mfundo imene ine ndinaona kuti ndi yolemera kuposa zonse zimene ndinamva sabata imeneyo: venda amayamba wayang'ana nkhope yako, mbuzi pambuyo. Akangodziwa kuti kwanu kuli wodwala, mtengo umatsika usanatsegule pakamwa. N'chifukwa chake, akutero amayi aja, mbuzi za ku Ntchisi zinkagulitsidwa imodziimodzi ndi mlongo wake wa wodwalayo, atavala bwino, akuseka, ngati munthu amene angathe kubwerera nayo kumudzi.

Mtsikana wa pa kanyumba ka Airtel Money ndi Mpamba ali ndi yake. Akuti bamboyo ankabwera mwezi ukatha kudzaika ndalama pa nambala ina imene siili m'foni imene amayenda nayo. Simu yake ankaisunga kuti, iye sakudziwa. Akuti ndalama ya mufoni ndi yabwino chifukwa imafika ku Lilongwe iwe usanakwere minibasi, koma vuto lake ndi lomwelo, imachoka msanga. Uthenga umodzi wa "alamu ndapanikizika" yapita. Loweruka timu ya ku England ikaoneka ngati ipambana, yapitanso kwa a beti.

Komatu amene akwiya zenizeni si a kabaza. Ndi abale ake. Atsibweni ake anatsika kuchokera kumudzi, osati kudzazonda wodwala yekha ayi, komanso kudzafunsa kuti zikutheka bwanji. Akuwerenga milandu: chaka chakuti ndinapempha ya feteleza, anati ndilibe, pa chiliza cha agogo ake anapereka thumba limodzi la simenti, anati ndilibe, mphwake atafuna njinga ya kabaza, ndilibe. "Ndiye mwana ameneyu zaka zonsezi amatinamiza?" Ndinayesa kuwauza kuti ndalama ija ikanapita ku chiliza, bwenzi pano tikusonkha ya chiliza china. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Pamenepa mpovuta, ndipo sindikuwaseka kwenikweni atsibweniwo. Kwathu kuno thumba la tsoka lakhala liri abale. Amene wamana mnzake lero ndi amene mawa adzasowe womugonera kuchipatala. Bamboyu naye anapulumukira apongozi amene anaweta mbuzi zija ndi mlamu amene anagona pansi pa bedi masabata onse aja. Kungoti anasankha maliro ndi matenda kuti ndizo azithandiza, zina zonse n'kumayankha mawu ake amodzi aja. Ine ndikuti anachita bwino, ngakhale ineyo anandikanapo ya botolo limodzi lokha.

Wachisoni kuposa onse ndi mkulu wa katapila wa kuseri kwa msika. Akuti anali atayeza kale ndi maso firiji ya m'nyumbamo, ndipo ankapereka moni kawiri patsiku. Pano akudandaula kuti anthu a masiku ano alibe chikondi, safuna kuthandizidwa.

Mayi aja anatuluka m'chipatala, akuyenda pang'onopang'ono ndipo ayambiranso kupita kumsonkhano wa gulu. Mbuzi zatsala ziwiri, simu ija akuti ilibenso kanthu, bambo akugwira ganyu yoyendetsa Sienta pakati pa Mponela ndi Lilongwe. Ku banki m'khonde kuja mayina a ofuna kulowa adzaza tsamba, pakati pawo pali mkazi wa wometa ndi akazi awiri a anyamata a kabaza omwe aja. Mlembi akuti kaundula atsegulidwanso mu Januwale, ndipo amene ali ndi ngongole kugulu lina asavutike n'kubwera, mbiri yake inafika kale.