Thabwa, Mafunde ndi Chitupa

*Ndi masana ku Madisi, kapitidwe pang'ono kuchokera pa msewu wa M1. Agogo akhala m'chigafa, akusankha fodya. Mdzukulu wawo wamkazi, amene anaphunzira ku Blantyre ndipo amagwira ntchito ya makompyuta ku Lilongwe, wangotsika pa kabaza.*

MDZUKULU: Odi kuno, Agogo!

AGOGO: Aaa, si mkazi wanga uyu? Wakumbuka lero kuti unasiya mwamuna kumudzi?

MDZUKULU: Sindingakuiwaleni. Landirani shuga uyu, ndi buledi wa pa Mponela.

AGOGO: Shuga mapaketi awiri, pakati pa mwezi? Pali mlandu apa. Khala pampandopo unene.

MDZUKULU: Mlandu palibe. Kuntchito akufuna kunditumiza ku South Africa. Ali ndi ofesi ku Cape Town, ina ku Durban, ndipo akuti ndisankhe ndekha. Mutu waima, Agogo.

AGOGO: Amalipira zambiri kuti?

MDZUKULU: Malipiro ndi ofanana.

AGOGO: Ndiye ukuvutikiranji? Pita kumene ufa uli wotchipa.

MDZUKULU: Nkhani yake si ufa. Ndikuganizira za mafunde ndi sinowo.

AGOGO: Khutu langa lakumanzereli linafera kumgodi. Bwera mbali iyi, ubwereze.

MDZUKULU: Mwamva bwinobwino. Paja chaka chija ananditumiza ku maphunziro ku Cape Town? Anzanga ananditengera kugombe la Muizenberg, ndipo kumeneko ndinaphunzira kukwera mafunde. Umagona chafufumimba pa thabwa, n'kupalasa ndi manja mpaka pakuya. Funde likabwera umadzuka, n'kuimirira, ilo n'kukunyamula mpaka kumtunda.

AGOGO: Thabwalo limakoka ukonde?

MDZUKULU: Ayi.

AGOGO: Mbedza?

MDZUKULU: Palibe.

AGOGO: Nanga ukafika kumtunda umagulitsa chiyani?

MDZUKULU: Sindigulitsa kanthu. Ndimatembenuka n'kubwereranso m'madzi.

AGOGO: Waiwalako chiyani?

MDZUKULU: Agogo! Ndi masewera. Mtima umayera, thupi limalimba.

AGOGO: Thupi lofuna kulimba libwere kuno mu Novembala, mizere ilipo. Komanso ngati ndi mafunde, Senga Bay ili apa. Ukwere basi ya ku Salima mu Julayi, mwera ukakulandira.

MDZUKULU: Mafunde a mwera ndi aafupiafupi, amabwera mothinana, mosokonekera. Akunyanja yamchere amabadwira kutali, kumene kwachita namondwe, n'kuyenda mtunda wautali asanafike kugombe. Pofika amakhala atafola bwino, limodzi pambuyo pa linzake, ndipo umatha kusankha lako.

AGOGO: Asodzi a ku Senga Bay akaona mwera amakokera mabwato kumtunda n'kukakhala pansi. Iwe wapita kusukulu zaka zonsezi kuti ukasake mkulu wake wa mwera. Chabwino. Madziwo ndi ofunda?

MDZUKULU: Apo ndiye pagona nkhani. Ku Durban ndi ofunda chaka chonse, chifukwa ndi a nyanja ya Indian, otsika kuchokera chakuno ku Mozambique. Ku Cape Town, makamaka mbali ya Atlantic, amazizira mpaka mano kugundana. Umayenera kuvala chovala cha mphira, chothina kuyambira m'khosi mpaka mu akakolo.

AGOGO: Chovala chimenecho usadzabwere nacho kuno. Anthu adzayesa chatuluka kudambwe, ana adzathawa, amfumu adzandilipitsa mbuzi. Nanga ng'ona?

MDZUKULU: Kulibe ng'ona. Kuli shaki.

AGOGO: Imeneyo amadyera nsima?

MDZUKULU: Nthawi zina ndi iyo imene imadya munthu. Koma musaope. Ku Durban anatchera maukonde m'madzi kuti aziteteza anthu kugombe. Ku Muizenberg, kuyambira 2004, kuli anthu olembedwa ntchito amene amakhala pamwamba paphiri n'kumayang'ana m'nyanja. Akaona shaki amaliza belu lalikulu, n'kukweza mbendera yoyera, ndipo aliyense amatuluka m'madzi.

AGOGO: Ima kaye. Munthu amakhala paphiri, n'kumangoyang'ana, mwezi ukatha n'kulandira?

MDZUKULU: Eya.

AGOGO: Imeneyo ndi nsanja ya anyani! Ine ndinakulira pa nsanja kumunda kwa malume anga ku Ntchisi, kukuwa kuyambira m'bandakucha, malipiro ake chimanga chootcha. Ukapita ukandilembetse. Ntchito imeneyo ndili nayo digiri.

MDZUKULU: Ndi maso amenewa? Paja mwezi watha munapatsa moni chitsa.

AGOGO: Chitsa chimenecho chinali ndi ulemu kuposa ana a masiku ano. Tiye nazo, za sinowo zija.

MDZUKULU: Zimenezo zili ku Lesotho, pamalo otchedwa Afriski, m'mapiri a Maloti. Ndi pamwamba kuposa Sapitwa, amene ndi mamita 3,002. Umavala nsapato zolimba, n'kumanga timatabwa tiwiri kumapazi. Chingwe chimakukokera pamwamba pa phiri, kenako umatsetsereka mpaka pansi.

AGOGO: Ukafika pansi?

MDZUKULU: Umagwiranso chingwe.

AGOGO: Ndinadziwa. Masewera ako onse ndi a munthu woiwala katundu. Ndipo amakulipira zingati?

MDZUKULU: Wolipira ndine.

AGOGO: Mayo ine! Koma za Abesuthu usandiphunzitse, mwana iwe. Ine ndagona nawo komboni imodzi ku Welkom. Amuna amphamvu, okumba migodi osabwerera m'mbuyo, bulangete paphewa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Iwowo sinowo ankamutchula ngati mdani. Amakwirira msipu, amapha nkhosa, amatsekera abusa kumapiri. Sindinamvepo Msuthu akunena kuti tiyeni tikasewere naye.

MDZUKULU: Masiku ano alendo amapita ndi ndalama, ana a komweko apeza ntchito yophunzitsa anthu. Ndipo sinowo akachepa, pali makina opopera madzi usiku kukazizira, madziwo n'kusanduka sinowo.

AGOGO: Anthu ali ndi makina opopera madzi, ndipo akuthirira phiri lopanda mbewu? Ife kuno dimba likuuma! Amatsetsereka chaka chonse?

MDZUKULU: Juni mpaka Ogasiti basi.

AGOGO: Miyezi itatu, nthawi ya okushoni. Anthu ali pa Kanengo kudikira mabelo, iwe uli chadodolido m'phiri la eni. Tsono phirilo layandikira mzinda uti?

MDZUKULU: Durban. Utanyamuka m'mawa pagalimoto, umafika tsiku lomwelo dzuwa likadalipo. Kuchokera ku Cape Town ndi makilomita oposa 1,000.

AGOGO: Madzi ofunda ku Durban. Phiri pafupi ku Durban. Nyumba?

MDZUKULU: Lendi ndi yotsikirako ku Durban. Ku Cape Town chipinda chimadya malipiro.

AGOGO: Ndiye wabweretseranji shuga? Mlandu wadziweruza wokha.

MDZUKULU: Cape Town ndi yokongola, Agogo. Phiri la Table Mountain lili pakati pa mzinda, nyanja uku ndi uku, magombe ambirimbiri. Mphepo ikaononga mafunde mbali ino, umangozungulira mbali inayo. Amalawi aliko ambiri, anzanga ali komweko.

AGOGO: Chikomekome cha mkuyu. Si kumeneko kumene madzi anatha? Ndinamva pa wailesi.

MDZUKULU: Mu 2018. Madamu anatsala pang'ono kuuma, ndipo munthu ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku.

AGOGO: Zigubu ziwiri ndi theka. Agogo ako aakazi amatunga zoposa pamenepo ndisanadzuke. Mzinda wazunguliridwa ndi madzi, anthu ake n'kumasamba m'kapu!

MDZUKULU: Durban nayo ili ndi zake. Mu Epulo 2022 kunagwa chimvula, madzi osefukira anapha anthu oposa 400, ndipo magombe ena anatsekedwa kwa nthawi chifukwa cha zonyansa zolowa m'nyanja.

AGOGO: Palinso china chimene ukuchilambalala. Ndikuyang'ana pakamwa pakopo, sichikutuluka.

MDZUKULU: Mukunena za 2015.

AGOGO: Ndikunena za 2015. Zinayambira ku Durban komweko. Alendo kuthamangitsidwa, kugona m'matenti pabwalo la mpira, mpaka boma lathu kutumiza mabasi kukatenga anthu. Anyamata ena a kuno anatsika pa siteji apa ali ndi jumbo m'manja, zaka zonse za ntchito zili mu jumbomo. Mu 2008 zinayambira ku Alexandra, zinafika mpaka ku Cape Town kwakoko, ndipo anafa anthu oposa 60. Shaki ija ili ndi munthu woiimbira belu. Amenewa alibe.

MDZUKULU: Ndikudziwa, Agogo. Sindikupita chimbulimbuli. Ndaziganizira usiku wambiri.

AGOGO: Chitupa?

MDZUKULU: Pasipoti ndili nayo. Mmalawi amaloledwa kukhala masiku 30 ngati mlendo, koma ine sindinyamuka mpaka chilolezo chogwirira ntchito chitatuluka. Akuntchito akuyendetsa zimenezo.

AGOGO: Apo wayankhula ngati munthu amene fizi yake sinapite pachabe. Ambiri amalowa ndi masiku 30 amenewo, n'kukhala zaka, akaona galimoto ya polisi mtima uli phaphapha. Mapeto ake ndi ku Lindela, kudikira kubwezedwa. Ndipo usadzayerekeze zodutsa m'tchire pa Beitbridge. Uli ndi thabwa, inde, koma Limpopo si malo ake.

MDZUKULU: Ndidzakwera ndege, Agogo.

AGOGO: Ndege usandiuze, ndinayamba ndine. Ife a Wenela tinkakwera ndege mpaka ku Francistown, kuchoka apo sitima. Mu Epulo 1974 ndege ina inagwa itangonyamuka pa Francistown pomwepo, Amalawi 74 obwerera kwawo anathera pamenepo, masutikesi awo ali odzaza nsalu za akazi awo. Kamuzu anakwiya, analetsa zolemba anthu, ndipo tonse tinabwerako m'magulumagulu. Ine ndinafika ndi njinga, wailesi, jekete, ndi ndalama za malata ali pamwamba pa nyumba iyo. Munthu ankapita ku Joni akudziwa chimene akukatenga. Iwe ukukatenga chiyani? Funde sungalimange pa kaliyala.

MDZUKULU: Ndikukagwira ntchito, Agogo. Ndalama ndizitumiza pa foni mwezi ndi mwezi, feteleza simudzasowa. Koma Loweruka ndi langa. Sindikufuna kukhala munthu wongodziwa njira ya kuntchito ndi ya kunyumba. Inuyo munakhala zaka kumeneko. Nyanja yake munaiona bwanji?

AGOGO: Fodya uyu wanyowa. Ndani anasiya chigafa chosatseka?

MDZUKULU: Agogo, ndafunsa.

AGOGO: Sindinaione.

MDZUKULU: Ngakhale kamodzi?

AGOGO: Ndikanaionera kuti? Welkom ili pakati pa dziko. M'mawa chikepe chimakutsitsa pansi kusanache, madzulo chimakutulutsa, Lamlungu uchape ovolosi. Wopanda pasi sankayenda, ndipo magombe abwinowo anali ndi zikwangwani zoti ndi a azungu okha. Dziko lija ine ndimalidziwa kunsi kwake. Ukandifunsa za miyala yake ndikuuza mpaka fungo.

MDZUKULU: Muizenberg yomweyo inali ya azungu okha. Lero ana a m'makomboni ndi amene akuphunzitsa alendo kuimirira pa thabwa.

AGOGO: Eti? Ndiye kuti mdzukulu wa munthu wa pansi akakwera pamwamba pa madzi awo, masana, popanda womufunsa pasi?

MDZUKULU: Ndakwerapo kale.

AGOGO: Unagwa?

MDZUKULU: Kambirimbiri. Ndinamwa madzi amchere okwana kuphikira ndiwo mudzi wonse uno.

AGOGO: Koma unaimirira?

MDZUKULU: Ndinaimirira.

AGOGO: Hmm. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kale amuna ndiwo ankasiya akazi n'kukatchona. Lero mkazi wanga akundisiya ine, ndipo wondilanda si mwamuna, ndi thabwa. Ndikadandaule kwa ankhoswe ati?

MDZUKULU: Sinditchona, Agogo. Khirisimasi iliyonse ndizidyera pano.

AGOGO: Onse amatero ali pa siteji. Mvera tsono chiweruzo. Upite ku Durban. Munthu wa ku Madisi sanalengedwere madzi ozizira, ndipo kukavuta, kuchoka ku Durban kufika ku Johannesburg kumene kuli mabasi a kwathu ndi pafupi, pamene ku Cape Town ndi makilomita 1,400. Ukafika ufunefune mpingo ndi Amalawi anzako, ulowe m'gulu lawo la maliro. Chitupa chizigona pamtima. Ndalama ya basi yobwerera uyisunge padera, usayigulire timatabwa ta kumapazi.

MDZUKULU: Nanga Cape Town?

AGOGO: Uzikayenderako patchuthi, utasamba kale.

MDZUKULU: Ndamva, Agogo. Koma thabwa labwino ndi lodula. Poti mwavomera, simungandithandizeko fodyayu akagulidwa?

AGOGO: Fodya uyu ali ndi eni ake kale: ngongole ya feteleza, aganyu, ndi agogo ako. Koma usadandaule, ine ndine munthu wolemera, chuma changa chili komweko. Ndalama zathu za kumigodi zija, zimene akhala akutilembera maina chaka ndi chaka, kutijambula zithunzi, kutidinditsa zala. Ukafika ukazifunse. Zikangotuluka, thabwa ndikugulira ndine, ndi chovala cha kudambwe chomwe.

MDZUKULU: Mwakhala mukuzidikira kuyambira liti?

AGOGO: Amayi ako asanabadwe.

MDZUKULU: Ndiye bwezani paketi imodzi ya shuga, ndiyambe kusunga ndekha.